Mwana wa mlongo wanga akuti adzakhala ngati Daliso Chaponda. Kodi kuseketsa anthu kumadyetsa?

Malume wa ku Bembeke

Moni nonse apagulu. Ine nthawi zambiri ndimangowerenga zanu osayankhapo, koma lero ndabwera ndi yanga chifukwa yandiima pakhosi.

Ndimalima kachewere kuno ku Bembeke, wina ndimapikula kwa anzanga n'kumakagulitsa kumsewu. Mlongo wanga ali ndi ana anayi. Alamu anga anapita ku Joni kalekale, mpaka lero ngakhale kalata. Ndiye mwini mbumba ndine. Mwana wake woyamba ndamulipirira fizi kuchokera Fomu 1 mpaka Fomu 4 ndi ndalama ya matumba omwewa. Mayeso anakhoza, osati kukhoza kochita kumutchula pa wayilesi, komabe satifiketi ali nayo. Ine mumtima ndinali nditakonza kale kuti akaphunzire za magetsi kapena zowotcherera, zikakanika ndimudulira ndime m'dimba mwanga.

Mnyamatayo akuti ayi. Akuti iye ntchito yake idzakhala yoseketsa anthu.

Ndisamunamizire, pakamwa ali napo. Chiyambire chaka chatha amamuitana m'zinkhoswe ndi m'maukwati kukayendetsa perekani-perekani. Pa ukwati wina ndinamuona ndi maso angawa. Anthu anali atangoti duu, aliyense wafumbata thumba lake, kunja kukuzizira mmene mukudziwira kwathu kuno mu July. Iye anangoti tsopano abwere kutsogolo onse amene nsapato avalazo ndi zobwereka, afulumire chifukwa eni ake akudikira panja. Holo yonse inafa nalo phwete, azibambo ena olemekezeka ananyamukadi kukaponya ndalama m'lichero kuti aoneke ngati akungocheza. Amanditsanziranso ine, mmene ndimanyowetsera chala powerenga ndalama, n'kuwerenganso kachitatu wogula ataima pompo. Amayi ake amaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Ine sindiseka. Tsiku lotero amabwera ndi K20,000 ndi mpunga wa m'jumbo, kenako mwezi wathunthu kuli zii.

Lamulungu lapitali tikuwotha mbaula anandipatsa foni yake yosweka galasi ija, akuti malume taonani. Ndinaona munthu wakuda ataima yekhayekha pa siteji yaikulu, maiki m'manja, wopanda gitala, wopanda mnzake womuyankha ngati mmene ankachitira Izeki ndi Jakobo. Akungoyankhula basi, azungu odzaza holo akugubuduka nacho chikhakhali. Chingerezi chothamanga chotero chimandipitirira, ndinangotolapo mawu awiri, Malawi ndi UNICEF. Kenako mayi wina mwa oweruza aja anadinikiza batani, kudenga kunayamba kugwa timapepala tagolide ngati ngumbi. Mnyamata wanga akuti uyu ndi Daliso Chaponda, ndi wathu, ndipo ku Mangalande amadya zomwezi.

Ndiye ndikufunsa inu amene mwayenda kapena mwawerenga. Munthu ameneyu anayamba bwanji? Batani lija ndi limene linamulemeretsa, kapena pali zina zimene foniyo siikuonetsa? Amamulipira ndani? Ndipo dzinalo ndalimvapo ku ndale. Ngati ali mwana wa bwana amene akanatha kusewera moyo wake wonse osagona ndi njala, mundiuze, chifukwa wangayu bambo ake ndi matumba a kachewere. Ine ndinakula ndi mawu oti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chemwali wa ku Manchester

Malume, ndakuwerengani ndili m'basi kuchokera ku ntchito ya usiku, ndaseka ndekha ngati wopenga pa nsapato zobwerekazo. Kwathu ndi ku Ntcheu, cha ku Kampepuza, koma ndili kuno ndimasamalira okalamba. Daliso wakhala zaka zambiri mumzinda womwe uno, ndiye Amalawi a kuno nkhani yake timaitsata.

Anabadwira ku Zambia mu 1979, makolo ake ndi Amalawi. Bambo ake, a George Chaponda, asanalowe ndale ankagwira ntchito ku UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za anthu othawa kwawo, choncho mwanayo anakulira m'mayiko osiyanasiyana. Ku yunivesite anapita ku McGill, mumzinda wa Montreal ku Canada. Anayamba ndi maphunziro a makompyuta, n'kuwasiya, kupita ku zolembalemba za Chingerezi. Taganizani mmene malume ake anamvera! Nthabwala anayambira komweko, ndipo chionetsero chake choyamba cha yekha chinali mu 2001. Ku Britain anasamukira mu 2006. Kanema mwaonayo ndi wa 2017. Nyowetsani chala chija muwerenge: zaka 16 chiyambire, 11 mwa izo ali kuno, anthu ambiri a dziko lino asanalimvepo dzina lake.

Mpikisanowo ndi Britain's Got Talent, wa pa kanema ya ITV. Mayi anadinikiza batani uja ndi Amanda Holden. Nthawi imeneyo woweruza aliyense ankaloledwa kudinikiza kamodzi kokha pa chaka, ndipo chimene batanilo limachita ndi kumudumphitsa munthu kukafika m'ndime yachiwiri kwa yomaliza. Ndalama silitulutsa ayi. Tsiku lomaliza, pa 3 June 2017, anapambana ndi Tokio Myers woimba piyano, ndiye anatenga mapaundi 250,000. Wachiwiri anali kamtsikana ka zaka 8 kochita zodabwitsa za matsenga a pa siteji, Issy Simpson. Daliso anakhala wachitatu. Chimene anatolapo ndi dzina. Mu 2018 anazungulira Britain ndi chionetsero chake, anthu akugula tikiti chifukwa cha iye osati chifukwa cha malowo. Chaka chomwecho BBC Radio 4 inamupatsa pulogalamu yake, Citizen of Nowhere, kutanthauza munthu wopanda kwawo kwenikweni, poganizira mmene anakulira muja. Mu 2020, nthawi ya Covid, anaseweranso pa Royal Variety Performance ku Blackpool, chionetsero cha chaka ndi chaka chogwirizana ndi banja lachifumu.

UNICEF munamvayo inali motere. Anthu a kuno ankadandaula kuti chuma chawo chasokonekera, ndiye iye, monga munthu wa ku Africa, ankawafunsa kuti ngati alidi pa mavuto, nanga a UNICEF ali kuti, nanga oimba osonkha ndalama zopulumutsira Britain ali kuti. Anawafotokozeranso kuti Malawi ndi kuja Madonna amakatenga ana. Azungu anaseka chifukwa anazolowera kukhala opereka, ndiye wina wawatembenuzira galasi. Mukaitanthauzira nthabwala imeneyo pa msika wa Bembeke, anthu angokuyang'anani. Inasokedwa poyeza thupi la omverawo.

Za amene amalipira: si boma. Ndi eni makalabu a nthabwala ndi eni mabala, kuchokera pa matikiti ndi mowa umene anthu akumwa. Ndipo wongoyamba kumene salandira kanthu. Amapempha mphindi 5, zaulere, n'kukwera sitima kapena basi maola angapo ndi ndalama yake kuti akayankhule kwa anthu ochepa m'kachipinda ka pamwamba pa bala. Akaonetsa kuti amatha amamupatsa mphindi 10. Malipiro enieni amayambira pa mphindi 20, ndipo usiku umodzi nthawi zambiri pamakhala woyendetsa mwambo ndi anthabwala atatu. Mphindi 20 zoseketsa kuyambira koyamba mpaka kumapeto zimatenga zaka kuti munthu azisonkhanitse. Amabwereza nthabwala yomweyo m'mizinda yambirimbiri, kusintha liwu limodzi, kudzijambula pa foni, kukamvetsera kunyumba kuti anthu anasekera pati.

Kuno kuli kalabu yotchedwa Frog and Bucket, mumsewu wa Oldham Street. Lolemba kumakhala usiku wa ongoyamba kumene. Anthu atatu mwa oonera amapatsidwa makadi, iwe uyenera kutha mphindi 5, onse atatu akakweza makadi awo basi watsika. Tinapitako ndi anzanga a kuntchito. Mnyamata wina wovala bwino anafika atalemba zonena zake pa dzanja ndi bolopeni. Nthabwala yoyamba, chete. Yachiwiri, wina anatsokomola. Anayang'ana pa dzanja paja, thukuta linali litafufuta zonse. Khadi lachitatu litakwera anagwada pang'ono ngati akuthokoza, n'kutsika. Potuluka ndinamuona panja, mvula ikuwaza, akufunsa mnzake kuti Lachinayi kuli malo kuti.

Mnyamata wa pa Lizulu

Achemwali mwafotokoza bwino koma mwazungulira funso la amalume. Tinene chilungamo. Ndani pa Lizulu pano amene angapite ku yunivesite ya ku Canada, n'kusiya kosi ya makompyuta chifukwa mtima wafuna zina? Ife ukasiya kosi ndiye kuti fizi yatha. Chingerezi chimene akuseketsa nacho azungucho si cha pa sukulu yoyendera ya kwathu kuno. Bambo ake akhala phungu wa ku Mulanje, akhala nduna m'maunduna angapo. Chaka chomwe mwana ankagwetseredwa timapepala tagolide, mu February 2017, bambowo anachotsedwa pa unduna wa zaulimi pa nkhani ya chimanga cha ku Zambia ija, ngakhale khothi linadzawapeza osalakwa mu 2018. Sindikunena kuti mwana ali ndi mlandu ayi, luso ali nalo, ine ndimamuonera bandulo ikalola. Ndikungoti anayambira pamwamba pa chulu.

Amalume, mnyamatayo muuzeni atsegule TikTok ndi Facebook azijambula timasewero tatifupi m'Chichewa, ndi mmene achinyamata akudziwikira masiku ano. Zoimirira ndi maiki kuno mudzamulipira ndani? Pa Lizulu munthu angapereke ndalama ya pakhomo kuti akamve wina akuyankhula, pomwe ma venda a tomato amaseketsa ulere tsiku lonse?

Mphunzitsi wopuma, Linthipe

Bambo a ku Bembeke, ndakhala m'kalasi zaka zoposa makumi atatu, ndipo ana a mtundu wa wanuyo ndawaona ambiri. Ndi aja amakhala kumbuyo, amene ukatembenukira ku bolodi kalasi imayamba kuseka. Ena tinkawakwapula, lero ndimadzifunsa ngati tinkachita bwino.

Mwana wanga wa pa Lizulu wanena zoona theka. Theka linalo ndi nkhani ya mbendera. Mu 2010 boma la malemu Bingu wa Mutharika linasintha mbendera, kuchotsa dzuwa lofiira lotuluka kumene lija n'kuika loyera lathunthu pakati, ati chifukwa dziko latukuka. Posakhalitsa tinayamba kugona pa mizere ya mafuta. Daliso atabwera kudzachita chionetsero kuno kumudzi anaiseka mbendera imeneyo, ndipo anaopsezedwa kuti amangidwa. Bambo ake anali nduna m'boma lomwelo. Mbendera yakale inabwerera mu 2012 mu ulamuliro wa mayi Joyce Banda, koma malamulo amene ankamuopseza nawo ndi akalekale: loteteza mbendera ndi zizindikiro za dziko ndi la 1967, lounika zisudzo ndi zosangalatsa ndi la 1968. Ife amene tinkaphunzitsa ana zisudzo nthawi ya Kamuzu tikukumbuka, liwu lililonse unkaliyeza kawiri lisanatuluke pa siteji. Ndiye mwana wanuyo adziwe kuti pakamwa pomwe pamabweretsa ndalama m'lichero pamaitananso apolisi.

Koma ndikukana zoti ntchitoyi ndi yachizungu. Pitani pa maliro alionse kuno muone adzukulu mmene amachitira, kutsanzira kayendedwe ka malemu, kunena zimene wina aliyense sangayerekeze kunena, anamfedwa n'kuseka misozi ili m'maso. Asuweni amanyozana pagulu popanda wokwiya. Pitani ku Mua, ku Kungoni, kumene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mukaone gule wosungidwa m'nyumba ya Chamare. Simoni wa nkhope yofiira uja ndi makolo athu akuseka mzungu wopsa ndi dzuwa, Daliso asanabadwe n'komwe. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu woseketsa amapatsidwa chilolezo ndi mwambo, ndipo omvera amamudziwa iye ndi amene akusekedwayo. Wa maiki uja alibe chibale ndi aliyense m'holomo, chilolezo amachita kuchipempha ndi nthabwala yoyamba.

Izeki ndi Jakobo mwawatchulawo, malemu John Nyanga amene anatisiya mu 2016 ndi malemu Eric Mabedi mu 2021, anthu ankaona ngati akungocheza. Anali anthu a zisudzo a gulu la Kwathu, ozolowera kukonzekera. Funso limene ndikanamufunsa mnyamatayo ndi limodzi: ali ndi kope? Daliso anaphunzira zolembalemba, ndipo amalemba. Ngati wanuyo zonse zili m'mutu ndipo amadalira kuti pa ukwati anthu afika atakhuta kale ndi chimwemwe, sanayambe. Mkwatibwi akakhala pafupi aliyense amaseka.

Chemwali wa ku Manchester

Achimwene a pa Lizulu, za chulu sindikutsutsa, ulendo wa ku Canada si wa aliyense. Koma m'kachipinda ka pamwamba pa bala ku Leeds kapena ku Liverpool, kodi alipo amadziwa kuti Mulanje ili kuti, kapena kuti George Chaponda ndani? Akapanda kuseka sanaseke basi. Ndipo chaka chotsatira, 2018, amene anapambana mpikisano womwewo anali Lee Ridley, wodziwika kuti Lost Voice Guy, wanthabwala woyamba kuupambana. Ali ndi ulumali wa muubongo umene unamulanda mawu ali khanda, nthabwala zake amalemba pa iPad, makinawo ndi amene amayankhula. Ameneyo ndiye umboni wa kope limene aphunzitsi akunena, chifukwa alibe mwayi wongobwebweta.

Ndinaiwala china, malume. Mwezi wa August anthabwala a kuno amakhamukira ku Edinburgh, ku chikondwerero cha Fringe chimene chinayamba mu 1947, kukasewera tsiku ndi tsiku kwa milungu itatu. Malo, pogona ndi zoitanira anthu amalipira okha, ndipo ambiri amabwerako ndi ngongole. Ongoyamba kumene pafupifupi onse ali ndi ntchito ina ya masana. Dimba musalichotse pa mndandanda.

Malume wa ku Bembeke

Zikomo nonse. Achemwali, Mulungu akusungeni kumeneko. Aphunzitsi, ndamufunsa za kope, alibe. Akuti zimangobwera zokha.

Ndiye ndinabwereka nzeru ya makadi ija. Loweruka titatha kugulitsa, ndinamuimika pa shedi yathu ya kumsewu, pakati pa matumba. Oweruza ndinasankha atatu: mayi wina wogulitsa kabichi ndinamupatsa chivindikiro cha poto, mnyamata wa chiwaya anagwira chipande chake cha mabowo, wa kabaza anati akweza chipewa. Panalinso ma venda anzanga ndi bambo wina wa ku Lilongwe amene ankadikira kuti timukwezere matumba m'galimoto. Lamulo linali loti palibe nyimbo, palibe mkwatibwi, mphindi 5 pa foni yanga.

Anayamba ndi ya nsapato zobwereka ija, imene amaidalira. Anthu anayang'ana kumapazi kwawo, wina majombo, wina mapatapata, zonse zawozawo. Palibe anaseka. Wa kabaza anakweza chipewa mphindi imodzi isanathe, nkhope ili gwa ngati ali pa bwalo la mfumu. Mnyamata wanga milomo inauma, ndinaona akumeza malovu. Anathawira kwa ine, kunyowetsa chala, kuwerenga ndalama kachitatu. Ma venda anaseka, si amandidziwa. Koma bambo wa ku Lilongwe uja anangoyang'ana wotchi yake, ndipo wa chiwaya anakweza chipande, akuti imeneyo anaimva kale kasanu.

Kenako ananena ina imene sindinaimvepo. Ya agogo amene anagona pa mzere wa feteleza usiku wonse atafunda thumba, kutacha atafika kutsogolo n'kupeza kuti agona pa mzere wa anthu odikira minibasi. Anaitsanzira mpaka mmene agogowo anapindira thumba lawo mwaulemu n'kukwera minibasiyo kuti asachite manyazi. Apo ndiye shedi yonse inagwa, mayi wa kabichi chivindikiro chinamupulumuka, ngakhale bwana wa ku Lilongwe anagwira bonati ya galimoto yake. Inenso ndinaseka, ndivomere. Koma itatha imeneyo analibe ina. Anangoima, akuti eee, eee, kuyang'ana magalimoto odutsa. Mayi uja anatola chivindikiro chake n'kuchikweza pang'onopang'ono ngati akupepesa. Foni inati mphindi 3 ndi masekondi 10.

Pobwerera kunyumba sanayankhule njira yonse. Ine ndimati nkhani yatha, Lolemba tikayamba za sukulu ya magetsi. Madzulo tikudya anandifunsa kuti Loweruka likubwerali oweruza adzakhala omwewo kapena ena, chifukwa akufuna ena.

Tagwirizana motere. Lolemba mpaka Lachisanu ali m'dimba, pampu kumsana, chifukwa chiwawu sichimva nthabwala. Loweruka mphindi zake zisanu. Maukwati apitirize. Za sukulu sindinazisiye, tidzakhalanso pansi ndi amayi ake tikakumba. Achimwene a pa Lizulu, za TikTok ndamuuza, akuti foni yake kamera inachita khungu, ndamuyankha kuti matumba khumi oyamba a ndime yake ndi ake.

Dzulo tinapita limodzi pa golosale kukagula kope lachikuto cholimba. Ndinapereka ndalama, wogulitsa anandibwezera chenji, ndinaiwerenga, n'kuiwerenganso. Potembenuka ndinapeza mnyamatayo watsamira pa kauntala, watsegula kale tsamba loyamba, akundiyang'ana chala n'kumalemba.